Bokosi Lopanda Nsalu

Bambo anga anafika ku Nairobi ndi kachikwama kamodzi, jekete lomwe ankavala pamisonkhano, ndi chotupa cha kummero chomwe madokotala akwathu anachiyang'ana n'kungopukusa mitu. Ine ndinali nditakhala mumzindawu zaka zingapo, ndikugwira ntchito ya ulembi m'bungwe lina la mayiko ambiri ku Upper Hill, ndipo ndinkachita lendi kanyumba ku Lang'ata. Ndinawaitana kuti adzachire. Ndinanena choncho pafoni, iwonso anavomera choncho, ngakhale tonse awiri tinkadziwa kuti tikunamizana.

Anayamba ntchito ali achinyamata mu fakitale ya tiyi ku Thyolo, kukonza makina oumitsira masamba. Chala chawo chamkombaphala cha kumanja chinatsala m'makina omwewo, ndipo kapitawo anawakalipira chifukwa choimitsa ntchito. Ankati chala chimenecho ndicho chinawalowetsa m'bungwe la apantchito. Polankhula pamsonkhano ankaloza anthu ndi chitsa chake, ndipo anthu ankati zii kuposa akanawaloza ndi chala chathunthu. Nthawi ya chipani chimodzi anawatsekerako popanda mlandu, amayi anga n'kumandilera okha mpaka anatuluka. Chaka cha sitalaka zija, mphepo ya zipani zambiri itayamba kuomba, iwo ndiwo ankakwera pa mgolo pageti la fakitale n'kuyambitsa nyimbo. Inali nyimbo yofunsa ndi kuyankha. Iwo ankafuula kuti, "Wathyola tiyi ndani?" khamu n'kuyankha, "Ndife!" Akati, "Nanga wakhuta ndani?" khamu linkati, "Si ife!" Ine ndili mtsikana ndinkaimva nyimboyi ndili kusukulu, kutsidya kwa chigwa.

Anali ndi mawu awo amene ankawabwereza mpaka kutopetsa. "Munthu mmodzi akakana, amati wapenga. Anthu chikwi akakana, amati sitalaka." Ankandiuza zimenezi ngakhale ndikakana kutsuka mbale.

Zipani zitaloledwa, iwo ndi anzawo anayambitsa kachipani ka anthu apantchito, ndipo anawasankha kukhala wapampando wa chigawo chonse cha Kummwera. Udindowo unkamveka waukulu, koma chuma chake chinali njinga yakapalasa ndi jekete lija. Ankalalikira sosholizimu m'misika ndi m'makomboni a m'maesiteti. Wina akafunsa kuti chimenecho ndi chinyama chanji, ankati ndi kudyera mbale imodzi popanda wobisa nyama pansi pa masamba. Anthu ankaseka, kuwaombera m'manja, kenako n'kufunsa kuti nanga nsalu zili kuti. Paja zipani zina zinkagawa nsalu zokhala ndi nkhope ya mtsogoleri. Bambo anakanitsitsa kuti chipani chawo chisindikize nsalu. "Mtsogoleri amene amakondwa amayi athu akamukhalira pankhope, pali chimene akuwafuna," ankatero. Amayi a m'midzi ankafa nako kuseka, atavala nsalu zomwezo. Anaimira uphungu kawiri, ndipo kawiri konse anagwa chagada.

Kenako mtsogoleri wa chipani chawo anapatsidwa unduna, n'kunyamula chipani chonse kupita nacho ku chipani cholamula ngati munthu wonyamula nkhuku popita kwa apongozi. Anzawo anatsatira mmodzimmodzi. Msuweni wanga, mwana wa mlongo wawo wa bambo, amene bambo anamuphunzitsa sukulu ndiponso amene ankawapalasira njinga popita kumisonkhano, nayenso anatsatira. Posakhalitsa anakhala gavanala wa chipanicho m'boma lathu, ndi galimoto yake yomwe. Bambo anatsala ndi chidindo cha chipani chomwe kunalibenso. Amayi anga anamwalira m'zaka zomwezo, ndipo pambuyo pake chotupa chinabwera.

Ku Nairobi anasowa chochita ndi pakamwa pawo. M'mawa uliwonse, ine ndikukonzekera za kuntchito, ankavala jekete n'kukaima kumsewu waukulu, kuonerera anthu a m'makomboni akuyenda wapansi kupita kumafakitale. Anthuwo ankadutsa osatha, ngati linthumbu, aliyense ndi kathumba kake kukhwapa. Bambo ankabwerako maso akuwala.

"Mayi," ankanditchula choncho popeza ndinatenga dzina la amayi awo, "anthu onse aja atangoima tsiku limodzi, mzinda uno ungagwade."

Koma Chiswahili sankachidziwa, ndipo Chingerezi chawo chinali chokanganira ndi azungu a tiyi, osati chochezera pamsewu. Tsiku lina anayesa kufunsa woitanira anthu pa matatu, minibasi ya kuno, ngati iwo oitanira ali ndi bungwe lawo. Munthuyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kuti, "Mzee, unapanda ama hupandi?" Kunali kuwafunsa ngati akukwera kapena ayi. Bambo asanapeze yankho, matatu inali itapita.

Kamodzi pamwezi Amalawi tinkakumana kunyumba ya mkulu wina ku Karen, kupemphera ndi kudya. Ambiri anali anthu a mabungwe akuluakulu, a magalimoto a nambala zofiira zaukazembe. Anthuwo ankawatcha bambo "a Komuredi", ndi ulemu wa pakamwa. Ankawapatsa mpando wofewa n'kuwapempha kuti asimbe za masiku a sitalaka, ndipo ankamvetsera ngati akuonera kanema. Koma bambo akangoyamba kufunsa kuti wolima maluwa pakhomopo amapuma tsiku liti, wina ankayambitsa kolasi. Ine manyazi ankandigwira chifukwa cha iwo, komanso anthu aja ankandinyansa ndi kolasi yawoyo. Ndinkabwerako nditakwiyira onse.

Chotupa chinkakula. Anasiya nyama, kenako mpunga, kenako nthochi yakupsa yomwe, n'kutsala pa phala lamadzimadzi ndi tiyi. Tiyi wa kuno, wophikira mumkaka, anamunyoza mpaka mapeto. Ankati Akenya amalima tiyi wabwino kenako n'kumumiza. Chimene sankalola ndi kudya okha. Moyo wawo wonse sanadyepo okha, ndipo sakanayambira kuchilendo. Ankandidikira mpaka ndiweruke, ngakhale ndichedwe bwanji pa mdipiti wa magalimoto mumsewu wa Lang'ata, phala litazizira m'mbale. Masana ankaitana askari, mlonda wa pageti lathu, bambo wamtali wosalankhulalankhula, kuti adzakhale nawo. Aliyense ankalankhula chinenero chake, ndipo ankagwirizana bwino kuposa mmene bambo ankagwirizanira ndi anthu a ku Karen. Supuni zitatu zinkawatengera nthawi yomwe ine ndinkamalizira mbale yonse.

Nthawi imeneyo munthu akapita kutchuthi kumudzi ankabwerako ndi mtolo wa nyuzipepala, ndipo tinkapatsirana mpaka zitang'ambika. Mayi wina wa kumapemphero kuja, mphunzitsi, anatibweretsera mtolo wake. Nditaweruka ndinapeza bambo atatsegula tsamba limodzi pamiyendo, phala osalikhudza. Panali chithunzi cha maliro a mnzawo wa kufakitale, amene anatsekeredwa naye limodzi, yekhayo amene anakana kutsatira chipani cholamula monga iwo. Bokosi lake linali litakutidwa ndi nsalu ya chipanicho, nkhope ya bwana wamkulu ili chapachifuwa pa womwalirayo. Nduna inaima pambali ikulankhula, ndipo pansi pa chithunzicho analemba kuti malemuwo anali mwana wokhulupirika wa chipani.

"Munthu uyu anawalavulira achipani amenewa pamsika, anthu akuona," anatero bambo. Mawu awo anali atayamba kale kusasa. "Anangomudikira kuti afe."

Ndinafuna kuwalanda nyuzipepalayo. Anaigwiritsa.

"Mayi, undilonjeze. Pa bokosi langa pasadzagone nsalu ya munthu."

"Bambo, mukudziwa kuti zimenezo si za ine. Auzeni azakhali."

Kwathu mwamuna ndi wa kwa mlongo wake. Amabereka ana, kuwalera, kuwaphunzitsa, koma akamwalira maliro ndi a alongo ake ndi ana awo. Ife ana ake timangolira n'kudikira kuuzidwa pokhala. Ndipo wolankhulira mbumba ya azakhali tsopano anali msuweni wanga uja, gavanala.

"Mlongo wanga akudya za m'thumba la mwana wake," anatero. "Angamukanize chiyani?"

"Ndiye muuzeni mwiniwakeyo. Munamulera nokha."

"Sindilankhula naye."

Apa ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti munthu amene anagwirizanitsa maesiteti onse a tiyi walephera kugwirizanitsa nyumba ziwiri za pamudzi pake, ndipo tsopano akufuna kusenzetsa mwana wamkazi katundu amene wamukanika yekha. Ndinawakumbutsa kuti iwo omwe ankaphunzitsa anthu kuti dandaulo umapita nalo kwa amene wagwira makiyi, osati kwa wosesa. Ndinanena zambiri, paja pakamwa ndinatengera kwa iwo omwewo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, monga ankachitira ndi mabwana, kenako anandiloza ndi chitsa cha chala chija.

"Zonse wanenazo n'zoona. Koma undilonjeze."

Ndinalonjeza. Munthu amene akulephera kumeza malovu ake omwe sungamukanize kanthu.

Ndinayesa kuwayanjanitsa, kuti katunduyo apite kwa eni ake. Msuweni ankaimba foni kufunsa za matenda, ndipo ankafunsa ndi mtima wonse, chifukwa malume akewo ankawakonda. Ndinkapita nayo foni kuchipinda, bambo n'kutembenukira kukhoma. Ndinkanama kuti agona. Liuma lomwe linawapangitsa kukhala munthu pageti la fakitale linali lomwelo, ndipo m'nyumba linkangowononga zinthu.

Anamwalira m'nyengo yozizira ya pakati pa chaka, masana, m'chipatala china ku Upper Hill. Pawindo la chipinda chawo ndinkaona nyumba ya ofesi yanga. Masabata otsiriza mawu anali atatheratu, ankangolankhula ndi chala chija: madzi, tseka windo, khala pansi. Namwino anandigwira paphewa n'kuti pole, ndiye pepani wa kuno, ndipo ndinatuluka panja kukaimba foni kumudzi.

Msuweni analira ngati mwana. Atatonthola anayamba kulankhula ngati gavanala.

"Asuweni, musadandaule chilichonse, zonse tikonza kuno. Inu mungowakweza ndege. Ku Chileka kukakhala galimoto, matenti alipo, ndipo anduna abwera okha."

"Anduna akudzatani?"

"Iii, asuweni, malume anali munthu wamkulu."

"Anandiuza kuti pa bokosi lawo pasadzakhale nsalu ya chipani."

Anaseka kuseka kofewa kwa chisuweni, komwe tinkasekana tili ana akamanditcha mkazi wake.

"Mwakhalitsa kunja, mayi. Maliro ali ndi eni ake. Nsalu ndi nsalu basi, siluma munthu."

"Ndilonjezeni kuti sidzakhalapo."

"Ndikakulonjezani ndikhala ndikukunamizani. Anthu amene akupereka galimoto ndi matenti ndiwauza chiyani? Inu mukadzalira mudzabwerera ku Nairobi. Ine ndikhala konkuno."

Chimenechi ndimamuyamikira mpaka lero, sanandinamize. Ndinamuuza kuti ngati ndi galimoto ndi matenti, ndipeza ndekha. Anati nkhani si galimoto. Malume ake a gavanala sangaikidwe ngati munthu wopanda chipani, anthu angati gavanalayo walephera nyumba yake yomwe. Kenako azakhali anamulanda foni.

"Iwe, unamubereka ndiwe?" anatero akulira. "Mchimwene wanga abwere adzagone pafupi ndi amayi ake. Zandalezo zinamudya ali moyo, zimudyenso atafa?"

Azakhali amenewa anandibereka kumsana nthawi yomwe bambo anali kundende. 

Kunyumba yosungira mitembo anandifunsa funso limodzi lokha, kuti wachibale wapafupi ndani. Ndinati ndine mwana wawo. Anati ndiye zonse zili kwa inu, mama. Ndinatuluka m'menemo mutu uli ziii. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, bambo anga anali anga. Koma ndinadziwanso kuti mphamvu imeneyo ikathera pabwalo la ndege. Bokosi likangotera kwathu, ine ndidzakhala mwana chabe, wokhala pamphasa kumbuyo kwa azimayi.

Manda a mzinda ali ku Lang'ata komweko, ndinkawadutsa tsiku lililonse pa matatu. Bambo ankawadziwa. Ankati ndi malo okhawo mu Nairobi amene wa ku Karen ndi wa kukomboni amagona mpanda umodzi, ngakhale kumenekonso anapeza kuti kuli mbali ya olemera. Sananenepo kuti ndidzawaike kumeneko. Sananenenso kuti ndisadzawaike. Anangondisiyira lonjezo ngati munthu wokusiyira mbuzi popanda chingwe.

Amalawi anadzaza pabalaza panga, azimayi pansi ndi zitenje, abambo pamipando yobwereka kwa aneba. Pa zimenezi sindingawanene, anabwera msanga ndipo anaimba bwino. Nditatchula za manda a kuno, nyimbo inaduka. Mkulu wa ku Karen uja anakonza kukhosi.

"Mayi, we understand, tikumvetsa ndithu. Koma Mmalawi saikidwa kuchilendo ngati alibe kwawo. Ndege ilipo Lachinayi, ife tathandizana kale. Nsaluyo angoyala, ajambule zithunzi zawo, basi. A Komuredi sakaiona."

"Ine ndikaiona."

"Ndiye ukatsinzine, mwanawe," anatero mayi wina wachikulire ali pansi. "Tonsefe pamaliro timatsinzina."

Anali ndi nzeru mayiyo, ndipo mwina anthu amakhala ndi moyo wautali chifukwa cha nzeru zoterozo. Masiku awiri ndinayenda ngati wobalalika mutu. Ndinkaganiza za azakhali. Ndinkaganiza za mudzi umene ndidzafune kubwererako ndikadzakalamba. Kenako ndinkaona nkhope ya bwana wamkulu ili pachifuwa pa bambo anga, nduna ikuwatcha mwana wokhulupirika, iwo ali m'kati opanda mawu oti ayankhire. Moyo wawo wonse anthu anawalanda zinthu: chala, zaka za kundende, chipani, mawu. Chinatsala ndi kukana kwawo kokha, ndipo ndinali nditakugwira ine.

Ndinagula bokosi kwa amisiri a m'mbali mwa msewu. Anandionetsa a zokongoletsa, ine ndinaloza la matabwa okhaokha. Ndinawaveka jekete lawo la misonkhano. Ndinaimba foni kumudzi kunena tsiku, ndipo msuweni anangoti, "Asuweni, musachite zimenezo," foni n'kuduka.

Ambiri mwa anthu a ku Karen anatanganidwa tsiku limenelo. Sindiwadabwa, ena anali ndi abale m'boma, ena ankaona kuti ndachita malodza ndipo sanafune kuwaponda. Anabwera mphunzitsi wa nyuzipepala uja, anzanga awiri Achikenya a kuofesi, askari wa pageti atavala malaya oyera, ndi abusa amene mnzanga anandipezera, omwe bambo sanawaonepo. Pafupi nafe panali maliro ena atatu, aliyense ndi nyimbo zake m'chinenero chake, zikuwombana m'mwamba. Tindege tating'ono ta pabwalo la Wilson tinkadutsa pamutu, abusa n'kumaima kudikira kuti phokoso lithe. Okumba manda anatsamira mafosholo awo, maso ali pa dzenje lina lomwe linkawadikira.

Abusa anafunsa kuti ndani anene mbiri ya malemu. Kwathu pamenepa pamaima wa kubanja, wa kumpingo, wa kuntchito, mpaka dzuwa kupendeka. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kupeza kuti onse akuyang'ana ine. Ndinati ndinene za fakitale, za ndende, za njinga, koma ndinaona kuti ndiyenera kumasulira chilichonse, ndipo mtima unandikana. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinangomva pakamwa panga pakufuula kuti, "Wathyola tiyi ndani?"

Palibe anayankha. Mphunzitsi uja anali wa ku Lilongwe, nyimboyo sankaidziwa. Anzanga a kuofesi anayang'ana pansi. Askari anavula chipewa chake n'kuchigwira pachifuwa. Kandege kena kanadutsa, abusa anati tipemphere, ndipo mafosholo anayamba ntchito.

Kumudzi anasiya kundiimbira. Azakhali anatumiza mawu kudzera kwa munthu wina kuti iwo ku Nairobi alibeko mwana. Kumapemphero a ku Karen ndinapitako kangapo, koma azimayi ankandipatsa moni wa m'mphepete, ngati ndili ndi chifuwa chopatsirana, ndipo ndinaleka. Ndinkadzitonthoza ndi chinthu chimodzi. Loweruka ndinkapita kumanda ndi tiyi mu fulasiki, wopanda mkaka, n'kukhala pambali pa mtumbira kuti asakhale okha. Ndinkawauza kuti bambo, pa bokosi lanu palibe nsalu ya munthu.

Patapita zaka ziwiri kapena zitatu, msuweni anabwera ku Nairobi kumsonkhano wina wa andale. Anandiimbira foni, ndipo tinakumana masana pamalo ena odyera pafupi ndi ofesi yanga. Anali atanenepa, khosi litasefukira pakolala. Tinafunsana za moyo ngati anthu amene anangophunzira sukulu imodzi. Kenako ndinamufunsa ngati akufuna ndimuperekeze kumanda.

"Manda ati?" anatero. "Malume tinawaika kwathu."

Ndinaganiza kuti akundiseka mwachisuweni, ndipo ndinali wokonzeka kumuthira tiyi kumaso.

"Tinadula thunthu la nthochi," anapitiriza, "monga timachitira munthu akamira m'madzi osapezeka. Tinalikulunga, n'kuliika m'bokosi. Amayi ankafunika polirira, asuweni. Munawalanda mchimwene wawo."

"Ndi nsalu?"

"Ndi nsalu." Sanayang'ane kumbali. "Anduna anabwera. Ananena kuti malume anali atabwerera m'chipani asanamwalire."

Ndinaseka. Kunali kuseka koipa, kotuluka m'mphuno, mpaka anthu a tebulo lina anatembenuka. Ndiye kuti ndinataya azakhali, mudzi ndi anthu onse, ndipo nsalu inagonabe pomwe inkafuna kugona. Ndinatenga chikwama changa kuti ndizipita.

"Khalani pansi," anatero. "Si zimenezo ndabwerera."

Ndinakhala.

"Anthu a tiyi anabwera. Sitinawaitane, sitinatumize lole. Anabwera wapansi kuchokera m'maesiteti onse, ena madengu akadali kumsana. Tsiku limenelo tiyi sanathyoledwe. Anadzaza manda, anadzaza msewu, ena anakwera m'mitengo. Anduna ali pakati polankhula, mdala wina kumbuyo anafuula kuti, wathyola tiyi ndani? Asuweni, ine ndinamva nthaka ikugwedezeka. Anafunsanso kuti nanga wakhuta ndani, ndipo anduna anakhala pansi asanamalize. Anyamata anga a chipani ankayankha nawo. Inenso ndinayankha."

Misozi inali kutsika m'masaya ake onenepawo, ndipo sanaipukute.

"Akanakhalapo malume," anatero. "Akanangokhalapo m'bokosi muja."

Ndinamufunsa ngati wina anachotsa nsaluyo. Anati ayi, inalowa nalo m'manda. Ndinamufunsa kuti ndiye chinasintha n'chiyani. Anati palibe, m'mawa mwake anthuwo anabwerera kukathyola, ndipo pachisankho chotsatira anavotera chipani chake monga kale. Anati pa manda a nthochiwo anamangapo chiliza, ndipo okalamba a kufakitale akamadutsa amavula zipewa. Analipira tiyi, n'kundigwira dzanja nthawi yaitali. Kumanda a ku Lang'ata sanapite.

Sindinganene kuti ndinalakwa, ndipo aliyense amene anganene choncho abwere adzandiuze pamaso. Bambo anandipempha chinthu chimodzi ndipo ndinachichita. Koma sizinditonthoza ngakhale pang'ono. Munthu amene sanadyepo yekha ndinamugoneka pakati pa anthu osamudziwa, ndipo khamu lake lonse linakaimbira nthochi. Bambo anakana okha, ine ndinakana ndekha, ndipo dzina la zimenezo anandiphunzitsa ndili mwana wotsuka mbale.

Azakhali anamwalira chaka chotsatira. Ndinamva atawaika kale. Ntchito yanga ikadzatha ndidzayenera kuchoka m'dziko lino, ndipo sindikudziwa amene adzazule udzu pamtumbira uja. Askari anasamukira kwawo kalekale. Manda adzaza, anthu atsopano afika mpaka pamapazi pa bambo, ndipo pokhala ndimachita kupinda miyendo.

Ndimapitabe Loweruka ndi fulasiki yanga. Ndimawauza za mitengo ya zinthu, za matatu, za amene wamwalira kumudzi ndikamva. Ndimawauza kuti pa bokosi lawo palibe nsalu ya munthu, ndipo zimenezo n'zoona. Za anthu a tiyi aja, amene anabwera wapansi ndi madengu kumsana, sindinawauze mpaka lero.